Galu akakana chakudya cha m'thumba

M'makomo ambiri kuno kwathu galu amakula ndi mkute, nkhoko za mumphika, phala la madeya ndi mitu ya usipa. Koma masiku ano, makamaka m'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, mabanja ena akugulira agalu awo chakudya chouma cha m'matumba, chija cha timibulu tolimba. Thumba limodzi limadya ndalama ndithu. Ndiye zimawawa kuona galu akufika pambale, kununkhiza kamodzi, n'kutembenuka kukagona pansi pa mtengo wa mango. Ambirife timathamangira kunena kuti galuyo ndi wamatama, kapena timathiramo msuzi wa ndiwo zathu kuti akopeke. Zonse ziwirizi zikhoza kumuika pamavuto. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Nayenso galu wokana chakudya amakhala ndi chifukwa, ndipo kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa zitatu izi: fungo, chizolowezi kapena matenda.

Tiyambe ndi fungo, chifukwa galu amadya ndi mphuno asanadye ndi pakamwa. Ife anthu tili ndi timasamba tolawira chakudya pafupifupi 9,000 palilime, pamene galu ali ndi pafupifupi 1,700 basi. Koma ku mphuno watisiya kutali: tinthu tomvera fungo ali nato toposa 200 miliyoni, ife tili nato pafupifupi 6 miliyoni. Choncho chakudya chikapanda kumukoka ndi fungo, sachiyesa n'komwe.

Chakudya choumachi sichinabwere dzulo. Cha m'ma 1860, James Spratt, munthu wa ku America amene ankakhala ku London, anayamba kugulitsa mabisiketi a agalu. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Purina inayamba kupanga timibulu timene tikudziwa lero, pophika ufa wa mbewu ndi wa nyama m'makina otentha kwambiri, kenako n'kuumitsa. Pa magalamu 100 aliwonse a timibuluti, madzi amakhala pafupifupi magalamu 10 okha, pamene m'chakudya cha m'zitini amafika cha m'ma 75. Chinthu chouma chotere sichitulutsa fungo lambiri, n'chifukwa chake opanga amapopera mafuta ndi zokometsera pamwamba pake. Kachikuto ka mafutako ndi kamene galu amanunkhiza.

Apa ndi pamene kasungidwe kamakhala nkhani yaikulu. Thumba likakhala lotsegula m'nyumba ya malata m'mwezi wa Okutobala, mafuta aja amaonongeka n'kuyamba kafungo konga ka mtedza wokhalitsa. Mwina ife sitingakamve, koma galu amakamva ali patali. Tisanamudzudzule, tinunkhize thumbalo, tione tsiku lothera ntchito, ndipo tione ngati mulibe chinyontho kapena anankafumbwe. Thumba lizikhala lomanga bwino, m'ndowa yovundikira, pamalo ozizira, osati pansi penipeni pa simenti. Ndi bwino kugula thumba loti litha m'mwezi umodzi kusiyana ndi lalikulu loti likhala miyezi itatu.

Chinyontho chimabweretsanso chuku, monga chimachitira ku mtedza ndi chimanga chathu, ndipo poizoni wa chuku amaononga chiwindi. M'chaka cha 2011, m'chigawo cha Gauteng ku South Africa, agalu oposa 200 anafa atadya chakudya cha m'matumba chimene chinali ndi poizoniyu. Chakudya chikaoneka chachuku kapena chogwirana mibulumibulu, titaye, ndipo tisapatse nkhuku kapena ziweto zina.

Ngati chakudya chili bwino, njira yosavuta ndi yosalira ndalama ndi madzi ofunda. Tithire madzi pang'ono, oti angofika pakati pa timibuluto, tidikire mphindi 10 kapena 15, kenako titakase. Kufunda kumadzutsa fungo la mafuta aja, ndipo timibulu timafewa, zomwe zimathandiza ana agalu ndi agalu okalamba. Madziwo akhale oti chala chathu chitha kupirira, osati owira. Koma chakudya chonyowa sichichedwa kusasa ndi kuitana ntchentche, choncho chotsala chisagone m'mbale. Mbaleyo tizitsuka tsiku ndi tsiku, n'kutsukuluza bwino, poti fungo la sopo nalonso limathamangitsa galu.

Madzi okha akalephera, tikhoza kuonjezera kakomedwe ndi zinthu zimene tili nazo kale. Usipa kapena bonya wodzaza dzanja limodzi, wowiritsa m'madzi opanda mchere, amapereka msuzi wa fungo lamphamvu. Dzira lowiritsa lophwanyaphwanya, kachidutswa ka chiwindi cha nkhuku chophika, kapena supuni ziwiri za dzungu kapena mbatata yophika, nazonso zimagwira ntchito. Tizisakaniza bwinobwino kuti galu asathe kutola zokoma zokhazo n'kusiya zina. Madokotala a ziweto amalangiza kuti zoonjezerazi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsiku lonse, chifukwa chakudya cha m'thumba chinayezedwa kale kuti chikhale ndi zofunika m'thupi pamlingo woyenera.

Chimene tiyenera kupewa ndi msuzi wa ndiwo zathu. Ndiwo zambiri timakazinga ndi anyezi, nthawi zina adyo, n'kuthira mchere wokwanira. Anyezi ndi adyo, kaya ndi zaziwisi kaya zophika, zimaononga maselo ofiira a m'magazi a galu. Akamadya pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, magazi amamuchepera, ndipo timangodabwa kuti mlonda wathu wafooka. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka n'kukhala tizisonga tobaya m'matumbo. Chokoleti, mphesa ndi mphesa zouma za m'makeke nazonso ndi zoopsa kwa galu.

Chifukwa chachiwiri ndi chizolowezi. Galu amene wakula ndi nsima ndi usipa sangalandire timibulu tsiku limodzi, ndipo kusintha mwadzidzidzi kumamutsegula m'mimba. Tisinthe pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Masiku awiri oyamba, chatsopanocho chikhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Masiku awiri otsatira chikhale theka, kenako magawo atatu, mpaka tsiku lachisanu ndi chiwiri adye chatsopano chokha.

Amene tikuphunzira zauphunzitsi timadziwa kuti khalidwe limene lalandira mphotho limabwerezedwa. Galu akakana chakudya, ife n'kuthamangira kumupatsa nyama, tamuphunzitsa kuti kukana kumalipira. Mawa adzakananso. Njira yabwino ndi kumupatsa kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, nthawi yofanana. Mbale ikhale pansi mphindi 15 kapena 20. Akapanda kudya tichotse mwakachetechete, osakalipa, osanyengerera, mpaka nthawi ina ikwane. Madzi akumwa okha azikhalapo nthawi zonse. Izi zimafuna kuti banja lonse ligwirizane, chifukwa ngati ana akumuponyera zitumbuwa kuseri kwa khitchini, galuyo sakukana chakudya, wakhuta kale. Kuyenda naye kapena kusewera naye nthawi ya chakudya isanakwane kumathandizanso kuti njala imugwire. Koma njira yochotsa mbaleyi ndi ya galu wamkulu wathanzi. Kamwana ka galu kamafunika kudya katatu kapena kanayi patsiku, ndipo sikayenera kugona ndi njala.

Chifukwa chachitatu ndi chimene chingathe kutenga moyo. Galu wosankha zakudya amakhala wosangalala, amagwedeza mchira, ndipo akaona nyama amailumphira. Galu wodwala amakana ngakhale zimene amazikonda. Ngati ankadya bwino n'kusiya mwadzidzidzi, tikweze mlomo wake tione usinini. Ukakhala wotuwa kapena wachikasu m'malo mofiirira, akhoza kukhala ndi matenda obwera ndi nkhupakupa, amene ndi ofala m'madera athu. Kamwana ka galu kakamasanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, kakhoza kukhala ndi matenda a parvo, amene amapha m'masiku ochepa. Dzino losweka ndi njoka za m'mimba nazo zimachotsa chilakolako cha chakudya. Galu wamkulu akatha tsiku lathunthu osadya kanthu, kapena akamaoneka wofooka, tipite naye kwa dokotala wa ziweto kapena kwa alangizi a ziweto a m'dera lathu. Kamwana ka galu tisakadikiritse n'komwe.

Pali chizindikiro china chimene chimafuna kuti tisamale moyo wathu ndi wa ana. Galu akamachucha dovu, akulephera kumeza ngati fupa lamutsamwa, kapena khalidwe lake lasintha mwachilendo, tisamugwire kukamwa ndipo tisalowetse dzanja kuti tichotse fupalo. Chiwewe chimaoneka choncho, ndipo chimafala kudzera m'malovu. Timutsekere payekha n'kuitana a zaziweto. Wina akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo LSPCA imathandiza ku Lilongwe. Katemera wa chiwewe akalengezedwa m'dera lathu, galu wathu asatsale.

Choncho galu akatembenukira mbale msana, tiyambe taona galuyo ngati ali bwino, kenako tinunkhize thumba, kenako tifunse a m'nyumba zimene amuponyera lero. Zonsezi zikakhala bwino, ketulo ya madzi ofunda ndi usipa wodzaza dzanja nthawi zambiri zimakwanira.