TIMIPIRA TOSAONEKA NDI MASO

Abale a ku migodi ndi m'matauni, kumbukirani ulimbo wa kwathu kwa Sandwe. Utomoni wake uyera cifukwa muli timipira tosaoneka ndi maso, toyandama m'madzi.

Akatswiri apanga timipira totere, timene madokotala apimira magazi. Asungunula mankhwala ochedwa styrene m'spiriti, nathirako mankhwala oyambitsa, natenthetsa. Pamenepo tizidutswa ta styrene tilumikizana monga mikanda pa ulusi. Ulusiwo ukatalika sukhozanso kusungunuka. Upindana, nusanduka kambeu. Mankhwala acitatu akuta kambeu kali konse kuti tisamatane. Akacepa amenewa, zonse ziundana, nchito yaonongeka. Tsono timbeu timwa styrene wotsala, nitikula.

Popeza tinabadwa nthawi imodzi, tilingana msinkhu ngati mapasa. Tina n'tating'ono kotero kuti 10,000 tondanda pamzere sitikwana inchi imodzi.