Gondogoro La: Mpata Umene Amauwoloka Usiku

Pa msasa wotchedwa Ali Camp, kumpoto kwa dziko la Pakistan, apaulendo amadzutsidwa cha m'ma 12 koloko usiku. Amamwa tiyi, kumanga tochi pamphumi, n'kuyamba kuyenda pa ayezi mumdima wa ndiweyani. Amakhala akulowera ku Gondogoro La, mpata wa pakati pa mapiri umene uli pamtunda wa mamita pafupifupi 5,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Munthu angafunse kuti, njira yoopsa chotere, bwanji osadikira kuti kuche kuti aziona popondapo? Ophunzira athu, yankho lake lili mu Jogalafe, Bayoloje ndi Fizikisi zomwe mumalemba m'makope mwanuzo, koma kumeneko wolakwitsa yankho sabwereza mayeso.

Tiyambe ndi malowo. Gondogoro La ali m'mapiri a Karakoram, m'chigawo cha Baltistan. Mawu akuti "la" m'chinenero cha anthu a kumeneko, Chibalti, amatanthauza mpata wa paphiri. Tauni yaikulu ya chigawochi ndi Skardu. Kuchokera ku Skardu, galimoto zamphamvu zoyenda m'miyala zimatenga pafupifupi tsiku lonse kukafika ku Askole, mudzi womaliza wokhala anthu. Askole ali pa mamita pafupifupi 3,000. Nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, malo okwera kwambiri m'dziko lathu lino, ili pa mamita 3,002. Pamene ife timathera, iwo m'pamene amatsika m'galimoto kuti ayambe kuyenda pansi. Kuchokera apo ulendo umatenga pafupifupi milungu iwiri, ndipo umatheka m'miyezi yofunda yokha, makamaka July ndi August. Deralo lili pafupi ndi malire, choncho mlendo saloledwa kupitako popanda chilolezo cha boma ndi wotsogolera wovomerezeka.

Patapita masiku awiri kapena atatu akutsata mtsinje wa Braldu, amafika pamene mtsinjewo umatulukira: pakamwa pa Baltoro, mtsinje wa ayezi umene m'mabuku a Jogalafe amautcha glacier. Umapangika motere. Pamwamba pa mapiri pamagwa chipale chofewa chimene sichisungunuka chonse chaka chisanathe. Cha chaka chino chimakwirira cha chaka chatha, ndipo kulemera kwake kumapanikiza chapansicho mpaka chisanduke ayezi wolimba. Ayeziyo akachuluka amayamba kutsetsereka pang'onopang'ono kutsata chigwa. Baltoro ndi wautali makilomita oposa 60, ngati kuchokera ku Blantyre kukafika ku Zomba. Musaganize za msewu woyera wosalala. Mbali yaikulu ya Baltoro ndi yokwiririka ndi miyala ndi nsangalabwi zogwa m'mapiri a m'mbali mwake, moti munthu amangokwera ndi kutsika timapiri ta miyala yogwedera tsiku lonse, pansi pake madzi akulira. Ndipo popeza ayeziyo akuyenda, njira ya chaka chatha siyikhala pomwe inali.

Misasa ya m'njira imadziwika ndi mayina: Paiju pa mamita pafupifupi 3,400, pamene pali mitengo yomaliza, Urdukas, kupitirira pang'ono 4,000, pamene pali udzu womaliza, kenako Goro, pamene amagona pa ayezi penipeni, mpaka Concordia pa mamita pafupifupi 4,600. Mukayang'ana manambalawa muona kuti tsiku lililonse amakwera pang'ono chabe, ndipo pa Paiju amakhala tsiku lathunthu osayenda. Si ulesi ayi.

Anthu ambiri amati pamwamba pa phiri palibe okosijeni. Zoona zake n'zakuti mpweya wa kumeneko uli ndi gawo la okosijeni lofanana ndi la kuno, magawo 21 pa 100 alionse. Chosiyana ndi kuthinana kwake. Taganizirani matumba a thonje osanjikizana m'nyumba yosungiramo katundu: lapansi limaphwatalala chifukwa cha kulemera kwa anzake, lapamwamba limakhala lofutukuka. Mpweya ulinso chimodzimodzi. Pa mamita 5,500 kupanikizika kwake kumakhala pafupifupi theka la kwa m'mbali mwa nyanja yamchere, choncho munthu akakoka mpweya kamodzi amapeza theka la okosijeni amene akanapeza kunsi. N'chifukwa chakenso madzi kumeneko amawira asanafike madigiri 85, ndipo nyemba zimachedwa kupsa.

Thupi limatha kuzolowera, koma limafuna nthawi. Poyamba munthu amapuma mofulumira ndipo mtima umagunda kwambiri. Kenako impso zimatulutsa timadzi tina timene timauza mafupa kuti awonjezere maselo ofiira a magazi, amene amanyamula okosijeni. Izi sizichitika usiku umodzi. Malangizo a madokotala ndi akuti munthu akapitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa tsiku, ndipo pakapita masiku atatu kapena anayi apumule tsiku limodzi. Wothamangira amayamba kumva mutu, mseru, kusafuna chakudya ndi kusowa tulo. Akaumirira kukwerabe, madzi angathe kudzaza m'mapapo, n'kumatsokomola ndi kubanika ngakhale atakhala pansi. Kapena ubongo ungatupe, n'kumadzandira ndi kulankhula zosalongosoka. Zonse ziwirizi zimapha, nthawi zina pasanathe tsiku. Mankhwala alipo othandiza, koma chithandizo chenicheni ndi kutsika. Vuto la pa Baltoro n'lakuti chigwacho n'chotsetsereka pang'ono, moti kuti wodwala atsike mamita 1,000 pamafunika masiku. Helikopita ya asilikali imabwera pokhapokha nyengo ili bwino ndiponso ndalama zake zitakonzedweratu.

Apa ndikufuna anyamata a timu ya mpira amve bwino. Kulimba thupi sikuteteza munthu ku matendawa. Nthawi zambiri wamphamvu ndi amene amapweteka, chifukwa miyendo yake imam'fikitsa msanga pamalo pamene magazi ake sanakonzekere, ndipo amachita manyazi kunena kuti mutu ukumupweteka.

Pa Concordia pamakumana Baltoro ndi mtsinje wina wa ayezi wotchedwa Godwin-Austen. Munthu akatembenukira kumpoto amaona K2, phiri lachiwiri kutalika padziko lonse, la mamita 8,611. Dzina lachilendoli linachokera kwa Thomas Montgomerie, woyeza malo wa ku Britain, amene mu 1856 anaona nsonga ziwiri ali kutali kwambiri n'kuzilemba K1 ndi K2, K kuimira Karakoram. K1 anadzapeza kuti ili kale ndi dzina lake, Masherbrum. K2 siioneka kuchokera m'midzi ya ku Baltistan, ndipo inangotsala ndi nambala yakeyo. Ambiri akafika pa Concordia amakwaniritsa chimene anadzera, ndipo amabwerera njira yomwe anabwerera. Ofuna kuwoloka Gondogoro La amakhotera kummwera, kutsata mtsinje wa ayezi wa Vigne, mpaka ku Ali Camp, pafupi ndi mamita 5,000.

Tisanawoloke, tinene za amene amanyamula ulendowu pamsana. Mlendo amayenda ndi kachikwama ka madzi ndi juzi. Matenti, ufa, parafini, mapoto ndi mipando zimanyamulidwa ndi amuna a Chibalti, aliyense makilogalamu 25, kuwonjezera pa zakezake. Ambiri ndi alimi a m'midzi ya m'zigwa za Shigar ndi Hushe, Asilamu anzathu, ndipo ndalama za miyezi iwiri kapena itatu imeneyi n'zimene zimadyetsa banja m'nyengo yozizira. Usiku amagona mothithikana m'timipanda ta miyala tofoleredwa ndi pulasitiki. Tsiku lopuma pa Paiju, pamene alendo akuchapa masokosi, iwo amazinga mbuzi ndi kuphika buledi wa masiku akutsogolo. Mbiri ya mapiri amenewa siinawachitire chilungamo nthawi zonse. K2 anaikwera koyamba pa 31 July 1954 Achille Compagnoni ndi Lino Lacedelli a ku Italy. Mabotolo a okosijeni amene anawathandiza anawabweretsera Walter Bonatti ndi Amir Mehdi, wonyamula katundu wa ku Hunza. Awiriwa anagona panja pa chipale, pamtunda woposa mamita 8,000, popanda tenti, ndipo Mehdi anaduka zala zonse za kumapazi chifukwa cha kuzizira. Kwa zaka zambiri dzina lake linkangotchulidwa mwapatalipatali.

Tibwerere ku funso lathu lija. Chimene chimagwirizira phiri lotere ndi kuzizira. Chotsani kuzizirako, zinthu zitatu zimamasuka.

Choyamba ndi ming'alu. Ayezi akamayenda pa thanthwe lokhota kapena lotsetsereka amang'ambika pamwamba, ndipo ming'alu ina imazama mamita makumi angapo. Chipale chikagwa chimaphimba pakamwa pa mng'aluwo, n'kupanga ngati mlatho umene maso sangausiyanitse ndi nthaka yabwinobwino. Usiku mlathowo umauma gwa ndipo umanyamula munthu ndi katundu wake. Dzuwa likauwomba umafewa, ndipo phazi limangobowola. Ngakhale pamene palibe mng'alu, chipale cha masana chimamiza munthu mpaka m'mawondo, ndipo pamalo pamene mpweya uli theka, phazi lililonse lozula limadya mphamvu zimene sizibwerera.

Chachiwiri ndi chipale ndi zibuma za ayezi zolenjekeka pamwamba pa njira. Mbali yokwera ya mpatawu ili ndi malo otsetsereka mpaka pafupifupi madigiri 50, ndipo njira imakhota pansi pa zibuma zazikulu ngati nyumba. Zingagumuke nthawi iliyonse, koma kukatentha ngozi ya chigumukire imakula.

Chachitatu n'chimene odziwa njirayi amaopa kwambiri, ndipo chili kutsidya, potsikira ku Hushe. Mbali imeneyo ndi phompho la miyala yosweka imene usiku imamatidwa ndi madzi oundana ngati simenti. Dzuwa likafika, simentiyo imasungunuka ndipo miyala imayamba kugubuduka. Mwala wongokwana m'manja, ukachokera mamita 200 pamwamba pako, ndi wokwanira kuswa mutu, n'chifukwa chake amavala zipewa zolimba. Masamu ake ndiye osavuta: kukwera kuchokera ku Ali Camp kumatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi, dzuwa la July limatuluka cha m'ma 5 koloko, ndipo munthu ayenera kukhala atatsika phomphoyo kusanatenthe. Werengani chobwerera m'mbuyo, mufika pakati pa usiku.

Mumdimamo amadalira zinthu zochepa: zitsulo za mano zomangirira kunsi kwa nsapato, lamba wa m'chiuno, ndi zingwe zokhomedwa kale paphiri. Zingwezo amaziika nyengo iliyonse amuna a ku Hushe amene anapanga gulu lopulumutsa anthu. Amakhala pafupi ndi mpatawo miyezi yonse ya ulendo, amalandira kangachepe pa munthu aliyense wowoloka, ndipo amatsogolera njira. Munthu amakoleka lamba wake kuchingwe, ndipo pamene chingwe chimodzi chathera amakoleka kuchinzake asanamasule choyamba. Zala zitachita dzanzi ndiponso mutu utalemera ndi kuchepa kwa mpweya, ntchito yaing'ono imeneyi ndi imene anthu amalakwitsa.

A Fomu 2, inu amene tinaphunzira teremu yatha za tayammum ndi swala ya wapaulendo, taonani kuti nthawi ya Fajr imam'peza munthu ali panjira yokwerayi. Swala imeneyi siifupikitsidwa ndipo siiphatikizidwa ndi inzake. Madzi m'botolo aundana, ndipo kuvula nsapato n'kuika zala pangozi. Achite bwanji? Lembani mayankho anu, tidzakambirana m'kalasi.

Pamwamba pa mpatawo ndi potakasuka ndithu, ndipo kukakhala kopanda mitambo munthu amaona mapiri anayi opitirira mamita 8,000 nthawi imodzi: K2, Broad Peak, Gasherbrum I ndi Gasherbrum II. Wayenda masiku khumi kuti afike pamenepa, koma otsogolera samulola kukhalitsa. Mphindi zochepa, zithunzi ziwiri zitatu, kenako kuchingwe, chifukwa dzuwa limene likuwalitsa mapiriwo n'lomwelo likupita kukamasula miyala kunsi.

Sikuti aliyense wofika pa Ali Camp amawoloka. Chipale chatsopano chikagwa, chimakhala chisanamatirire pa chakale, ndipo amuna a ku Hushe amatseka njira. Abulu onyamula katundu sangawoloke n'komwe, amabwerera pa Baltoro. Munthu amene akutsokomola modabwitsa kapena amene wakhala akutsalira m'mbuyo amauzidwa kuti abwerere nawo. Taganizirani mlendo amene walipira ndalama zambiri, wawoloka nyanja, ndipo mpata ukuonekera apo, mlimi wa ku Hushe n'kumuuza kuti ayi. Kubwerera kumatanthauza masiku anayi kapena asanu pa miyala yomwe ija mpaka ku Askole. Ine ndimaona kuti pa ulendo wonsewu ntchito yovuta kwambiri ili ndi mlimiyo, pakuti nayenso malipiro ake amadalira kuti anthu awoloke.

Owoloka amatsika mamita pafupifupi 900 kukafika pa msasa wa Khuspang, atayenda maola khumi kapena kuposerapo kuchokera pamene anadzuka. Patsogolo pawo pamakhala Laila Peak, phiri la mamita 6,096 losongoka ngati mkondo. Pa Khuspang pali udzu ndi timaluwa, zobiriwira zoyamba kuziona patapita pafupifupi mlungu wathunthu. Masiku awiri kapena atatu otsatira amatsika mpaka kumudzi wa Hushe, kumene kuli minda ndi msewu wa galimoto. Pobwerera ku Skardu msewuwo umadutsa ku Khaplu, tauni imene ili ndi mzikiti wakale wa Chaqchan, womangidwa ndi mitengo, miyala ndi dothi. Onyamula katundu amalandira malipiro awo pa Hushe, ndipo ambiri amakwera galimoto yozungulira ku Askole kukayamba ulendo wina nyengo isanathe.