Kusankha Dera Lochitamo Lendi mu Mzinda wa Lilongwe

Munthu akalandira kalata yomuuza kuti wapeza ntchito ku Lilongwe, kapena kuti amusamutsira kumeneko kuchokera ku Mzuzu, ku Zomba kapena ku Nsanje, chinthu choyamba kumusowetsa tulo ndi nyumba. Masiku oyamba amafikira kwa mbale wake, nagona pabalaza, katundu ataunjikidwa pakhonde. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Tsono mame akafika masana asanakamuke, eni nyumba amayamba kuyang'anana. Manyazi amenewa ndiwo amachititsa ambiri kulowa m'nyumba yoyamba imene aiona, ndipo pakutha pa miyezi iwiri amazindikira kuti malipiro awo akuthera m'njira.

Mlendo ayenera kuyamba wadziwa mmene mzindawu unamangidwira. Lilongwe anakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, kulowa m'malo mwa Zomba. Kale linali tauni laling'ono lozungulira msika ndi mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe, malo amene lero amatchedwa Old Town. Bungwe la Capital City Development Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1968, linamanga City Centre ndi maofesi a Boma a ku Capital Hill chakumpoto, patali ndi tauni lakalelo, ndipo mafakitale linawaika kumpoto kwenikweni, ku Kanengo. Pakati pa malo amenewa anasiyapo nkhalango ndi madambo. Chotsatira chake nchakuti mzindawu ulibe pakati pamodzi pamene ntchito zonse zimapezeka. Anthu 989,318 amene anawerengedwa mumzindawu pa kalembera wa 2018 amadzuka m'mawa kulowera mbali zosiyanasiyana.

Palinso msampha wa manambala. Madera a ku Lilongwe amadziwika ndi manambala, koma manambalawo satsata kuyandikana kwa malo. Munthu wachilendo akamva za Area 24 ndi Area 25 amayesa kuti ndi madera ogundana, pamene Area 24 ili kummwera kwa mzinda ndipo Area 25 ili kumpoto, pafupi ndi Kanengo. Wopangana za nyumba pa telefoni asanaione, atangomva nambala yokha, angathe kudzapeza kuti pakati pa iye ndi ntchito yake pali mzinda wonse.

Nchifukwa chake funso loyamba si lakuti nyumbayo ndi ya ndalama zingati, koma lakuti munthu akwera kangati kuti akafike kuntchito. Maminibasi ambiri amathera ku depoti ya ku Old Town. Wokhala ku Area 36 kapena ku Area 23 amene amagwira ntchito ku Kanengo amakwera imodzi kufika ku depoti, nakweranso ina, ndipo madzulo amachita chimodzimodzi. Ndiye kuti akulipira kanayi pa tsiku, ndipo pa masiku 22 ogwira ntchito pa mwezi walipira maulendo 88. Ngati ana nawonso akukwera popita kusukulu, chiwerengerocho chimakwera ndithu. Ndalama imeneyi iyenera kuphatikizidwa ku lendi munthu asananene kuti nyumba yakuti njotsika mtengo. Kawirikawiri nyumba yodulirapo imene ili pamtunda woyenda pansi imasiya ndalama zambiri m'thumba kuposa yotchipa ya kutsidya lina la mzinda. Mafuta a galimoto akasowa kapena akakwera mtengo, monga zakhala zikuchitikira m'zaka zaposachedwapa, woyenda pansi yekha ndiye amafika kuntchito mtima uli m'malo.

Kotero wa ku Kanengo ayambe wayang'ana ku Area 25 ndi ku Mgona. Wa ku bwalo la ndege la Kamuzu aganizire za Lumbadzi. Wogwira ntchito m'masitolo, mumsika kapena ku chipatala cha Bwaila ali ndi Mchesi, Biwi, Kawale ndi Chilinde, ndiponso Chinsapo pa msewu wa ku Likuni. Wa ku Capital Hill ndi City Centre angasangalale atapeza malo ku Area 18, dera limene kuyambira kale lakhala la anthu ogwira ntchito m'Boma, ngakhale kuti nyumba zake sizipezeka wamba.

Madera amenewa ndi osiyananso mitundu. Ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 kuli nyumba zikuluzikulu za m'mipanda zimene munthu wa malipiro apakati sangazikwanitse. Nthawi zina kumeneko kumapezeka boyizikota pamtengo wabwino, koma msika uli kutali ndipo maminibasi salowa m'misewu yonse, kotero kuti ndalama imene munthu wapulumutsa amaipereka kwa a kabaza. Nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe limene linayamba mu 1964, anthu amazikonda chifukwa cha mtengo wake, koma ozifuna ndi ochuluka kuposa nyumbazo, ndipo wobwera kumene asaike mtima wake wonse pamenepo. Anthu ambiri amathera m'madera monga Kawale, Area 23 ndi Area 25, kumene akuluakulu a mzinda anadula mapuloti ndi misewu, eni ake namanga okha. Kumeneku mwini puloti amakonda kumanga mdadada wa zipinda kuseri kwa nyumba yake, ndipo mabanja anayi kapena asanu amagwiritsa ntchito mpopi umodzi, bafa limodzi ndi chimbudzi chimodzi. Pomaliza pali madera amene anakula okha popanda mapulani, monga Mtandire, Mgona, Kauma ndi mbali zina za Chinsapo. Madera amenewa asanyozedwe: kumakhala amisiri, alonda, aphunzitsi ndi anthu a malonda olemekezeka, ndipo moyo wake ngwotsikirapo mtengo. Koma ndi kumenekonso kumene munthu ayenera kupenyetsetsa asanapereke ndalama.

Chofunika kupenyetsetsa kwambiri ndi madzi. Mpopi kukhalapo pakhomo sikutanthauza kuti mumatuluka madzi. M'madera ena, makamaka m'miyezi yotentha ya September mpaka November, madzi amabwera usiku wokhawokha, ndipo amayi amagona khutu lili kumpopi. Mwini nyumba sanganene zimenezi. Wonena zoona ndi mayi woyandikana naye amene akutsuka mbale panja, ndipo palibe cholakwa kumupatsa moni ndi kumufunsa mwaulemu kuti, “Zikomo amayi, kodi madzi kuno amatuluka nthawi yanji?” Ngati pakhonde la nyumba iliyonse pali migolo ndi zigubu zambiri, yankho lapezeka kale. Kumene anthu amagula madzi ku kiyosiki, munthu aone kutalika kwa mtunda ndi nthawi imene amatsekula. Kumene amamwa a pachitsime, ayeze ndi mapazi ake mtunda wa pakati pa chitsimecho ndi chimbudzi chokumba. Nkhani imeneyi si yaing'ono. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsekulidwa chifukwa cha matendawo.

Mvula nayo ili ndi umboni wake. Nyumba imene munthu waiona mu July, kunja kuli gwa, imaoneka mwina mu January. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira, nulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, ndipo mabanja ambiri anataya katundu amene anamupeza movutikira. Wofuna nyumba nthawi ya chilimwe ayang'ane m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyezi kapena pulasitala wogumuka, ayang'ane kudenga ngati malata akuonetsa kuwala, ndipo aone ngati pakhomo pali matumba a mchenga kapena kakhoma kotchinga madzi. Nyumba ya m'dambo kapena ya m'mphepete mwa mtsinje imakhala yotchipa pa chifukwa chimene eni dera amachidziwa bwino.

Pa nkhani ya ndalama, wobwera kumene amakumana ndi madobadoba, anyamata odziwa kumene kuli nyumba yopanda munthu. Ena amathandiza ndithu, koma ena amalandira ndalama pa nyumba imene si yawo ndipo mwina muli kale anthu. Ndalama iperekedwe m'manja mwa landilodi weniweni, munthu atalowa m'nyumbamo ndi kuona kuti makiyi akutsekula. Alandilodi ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pachiyambi, ndipo ndalama yochuluka chotere siyenera kuchoka popanda lisiti kapena kalata yosainirana pamaso pa mboni. M'kalatamo mulembedwe amene adzakonza denga likadontha, tsiku lolipira, ndi nthawi ya notisi. Pamene mita ya madzi kapena ya magetsi ndi imodzi, agwirizaniretu kagawidwe ka bilu ndi mayunitsi, popeza wophikira pa mbaula sakondwa kulipira mofanana ndi wophikira pa magetsi. Afunsenso ngati wotuluka sanasiye ngongole ya madzi.

Abambo ena amapita okha kukaona nyumba, nalipira, kenaka nkuitanitsa banja. Kumeneku nkulakwitsa. Amene adzatunga madzi, kupita kuchigayo, kugula makala ndi kuthamangira kuchipatala ndi mwana usiku amaona zinthu zimene bambo woganiza za ofesi saziona. Ndi bwinonso kupitako kawiri, masana ndi madzulo: nyumba yabata masana ingathe kukhala kuseri kwa malo omwera mowa, ndipo njira yabwino dzuwa lili pamutu ingathe kukhala yoopsa kwa wobwerera kuntchito mdima utagwa.

Atalowa m'nyumba, mlendo afunse kumene kumakhala amfumu a deralo, akadzionetse. Ngakhale m'tauni mafumu alipo, ndipo ndiwo amalengeza maliro ndi kuweruza timilandu ta pakati pa anthu oyandikana. Uthenga wa maliro ukamveka m'deralo, apite akakhale nawo pa siwa ndi kuponya chipepeso chake, ngakhale womwalirayo sanamudziwe nkomwe. Kwa munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, amene abale ake ali ulendo wa tsiku lathunthu, anthu a pa mdadada ndiwo adzayamba kufika pakhomo mwana akadwala pakati pa usiku.