Mpando wa mu komiti ya sukulu: tikaupeza tiyambire pati?

Tikamakamba za chisankho, maganizo athu amathamangira kwa khansala kapena phungu. Koma ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona kumachitika chisankho china chopanda zikwangwani. Mphunzitsi wamkulu amatuma ana kuti akaitane makolo, amene abwera amakhala pabwalo la sukulu, mayina amatchulidwa, anthu n'kuvota. Pomweruka kumakhala kuti komiti yoyendetsa sukulu yapezeka. Ambiri a ife tinaphunzira m'sukulu zimenezi, ena tili ndi ana kapena abale kumeneko, koma ndi ochepa amene anaganizapo zopikisana nawo.

Pasukulu ya pulayimale ya boma pamakhala magulu atatu amene anthu amawasokoneza. PTA ndi bwalo la makolo ndi aphunzitsi. Gulu la amayi limatsata ana, makamaka atsikana, amene ayamba kujomba kapena asiya sukulu. Komiti yoyendetsa sukulu, imene timangoitchula SMC, ndiyo imaimira anthu a m'dera pa za katundu, zomangamanga ndi ndalama. Silemba kapena kusamutsa mphunzitsi wa boma; imeneyo ndi ntchito ya akuluakulu a maphunziro, ndipo madandaulo amadzera kwa mlangizi wa zoni, PEA. Munthu wolonjeza kuti akasankhidwa achotsa ahedi ndiye kuti mpandowo sakuudziwa.

Mphamvu yeniyeni ya komiti ili pa pulani ya chitukuko cha sukulu. Kuyambira mu 2010, pansi pa ndondomeko ya PSIP, boma linayamba kutumiza ndalama ku maakaunti a sukulu, zimene zimatchedwa SIG. Ndalamazi zimatsata pulani imene aphunzitsi, makolo ndi komiti agwirizana, ndipo sizituluka kubanki ndi siginecha ya munthu mmodzi. Ndi zochepa poyerekeza ndi mavuto, kawirikawiri zimachedwanso. N'chifukwa chake funso lakuti tiyambire pati lili lalikulu.

Ife tikuti tiyambire ku Sitandade 1 mpaka 4. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezereka m'sukulu m'chaka chimodzi, ndipo zipinda ndi aphunzitsi sizinakwanirebe mpaka lero. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi ang'onoang'ono a m'matauni athu si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pansi, ena pansi pa mtengo, ena akudikira kuti anzawo a m'mawa aweruke. Chimene chimachitika n'chakuti madesiki abwino, chipinda chosadontha ndi mphunzitsi waluso zimapita ku Sitandade 8, chifukwa zotsatira za mayeso a MANEB ndizo zimatchukitsa sukulu. Tikumvetsa, kholo lililonse limafuna kumva dzina la mwana wake pa mndandanda wopita kusekondale. Komatu mwana amene wafika Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga Chichewa amavutika akafika Sitandade 5, kumene maphunziro amayamba kuchitika m'Chingerezi. Amabwereza kalasi, amakula, amachita manyazi, kenako timamupeza akugulitsa majumbo mumsika. Mwana ameneyo pa zotsatira za Sitandade 8 saonekapo n'komwe.

Komiti singabweretse aphunzitsi 20, koma ingathe kufunsa kuti mabuku owerenga amene anabwera ndi National Reading Programme kuyambira 2016 ali m'manja mwa ana kapena atsekeredwa mu ofesi poopa kung'ambika. Ingathe kuika ndalama pa bolodi, choko ndi denga la kalasi ya ang'onoang'ono isanaganize zopenta geti.

Kenako zimbudzi ndi madzi. Tonse tikukumbukira Januwale 2023, pamene boma linachedwetsa kutsegulira sukulu mu mzinda wa Lilongwe ndi wa Blantyre kwa sabata ziwiri chifukwa cha kolera. Pampopi wodulidwa chifukwa cha bilu ndi nkhani ya komiti. Chipinda choti mtsikana asinthiremo akakhala kumwezi ndi nkhani ya komitinso, ngakhale abambo ambiri pamsonkhano amaweramitsa mutu ikatchulidwa. Mtsikana wosowa malo otere amangokhala kunyumba masiku angapo mwezi uliwonse.

Za ndalama tisachulutse mawu. Zimene zalowa ndi zimene zatuluka zilembedwe papepala, limatidwe pakhoma pamene kholo lililonse lingawerenge. Ndipo chopereka chilichonse chimene makolo agwirizana chisakhale chifukwa chobwezera mwana kunyumba, pakuti lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kukhala pasukulu ya pulayimale. Apa ndi pamene ife amene tikuphunzira za maakaunti kapena za uphunzitsi tingathandize kwambiri, chifukwa makomiti ambiri amavutikira kusunga malisiti ndi kulemba malipoti.

Wofuna kuima ayambe ndi kupita kumisonkhano ya makolo, afunse ahedi nthawi imene komiti ilipoyi ikutha, aone pulani ya chaka chino, ayenderenso zimbudzi ndi maso ake. Adziwane ndi mafumu a m'deralo ndi amayi a m'gulu lija, poti iwo amadziwa khomo lililonse lomwe mwana wasiya sukulu. Adziwenso kuti ntchitoyi ilibe malipiro, ndipo sukulu ya boma ndi ya ana a mipingo yonse, Asilamu ndi osapemphera omwe, choncho mpandowo si guwa. Misonkhano ina imaitanidwa Loweruka. Zimenezi tizinene poyera tisanasankhidwe, ndipo tipemphe kuti komiti izikumana Lamlungu masana kapena pakati pa sabata ana akaweruka.