Tayala lalowa, koma kodi limu yalivomera?

Pamalo ogulitsira matayala a kaunjika m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, malonda ambiri amathera pa nambala imodzi. Wogula amafunsa ngati 14 kapena 15 ilipo, wogulitsa nkufukula mulu, nkutulutsa tayala la mano ooneka bwino. "Ili likwana, bwana." Anyamata amalivaka pa limu, kupaka sopo m'milomo mwake, kupopa mpaka limveke kuti phu! Likagwira mpweya, aliyense amakhutira ndipo ndalama imaperekedwa.

Nambala imene yafunsidwayo ikungonena kukula kwa chibowo cha pakati pa tayala. Pali nambala yachiwiri, yonena kutambalala kwa limu, ndipo imeneyi siifunsidwa kawirikawiri. Tayala limatha kulowa bwinobwino pa limu yosayenerana nalo, nkugwira mpweya, nkuyenda miyezi, koma litakhala mokakamizika. Zotsatira zake zimadzaonekera pakona, padzenje la mumsewu kapena pa tsiku la mvula.

Tiyambe ndi zolembedwa pa nthiti ya tayala. Titenge 195/65 R15, saizi yofala pa galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan. Nambala 195 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, kuchokera nthiti ina kufika inzake, osati mbali yoponda pansi yokha. Nambala 65 ikutanthauza kuti msinkhu wa nthitiyo ndi magawo 65 pa 100 alionse a kutambalala kuja, kutanthauza mamilimita pafupifupi 127. R ikunena kapangidwe ka radial, kamene kampani ya Michelin inalembetsa mu 1946, ndipo 15 ndi mainchesi a limu.

Nayo limu ili ndi zolemba zake, kungoti zimabisala. Pa malimu achitsulo amazidinda chapafupi ndi mabowo a mabawuti kapena m'mphepete, pomwe pa malimu a magi zimakhala kuseri kwa nthambi zake, moti kuti muziwerenge muyenera kuchotsa gudumu. Mukapukuta matope mupeza zonga 15x6J ET45. Nambala 6 ija ndiye nkhani yathu: limuyo ndi yotambalala mainchesi 6, omwe ndi mamilimita 152. Muyezo umenewu amautenga mkati, pakati pa mikombero iwiri pamene pamakhala milomo ya tayala. Woyeza ndi tepi kunja kwa limu amapeza pafupifupi inchi imodzi yoonjezera, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa, nkumati ali ndi limu ya 7 pamene ili ya 6.

Mwaona kuti tayala la mamilimita 195 limakhala pa limu ya mamilimita 152. Tayala limapangidwa kuti likhale lotambalala kuposa limu yake, nthiti zitatumphukira kunja pang'ono ngati mimba ya mtsuko. Kutumphuka kumeneku ndiko kumalandira nkhonya za msewu, ndiponso kumateteza mkombero wa limu galimoto ikakhula mwala kapena m'mphepete mwa ngalande.

Opanga matayala sachita kulota milingo imeneyi. Pali mabungwe atatu akuluakulu amene amaisindikiza: ETRTO ya ku Ulaya, yomwe likulu lake lili ku Brussels, Tire and Rim Association ya ku America, yomwe inayamba mu 1903, ndi JATMA ya ku Japan, kumene galimoto zambiri za m'misewu yathu zimachokera. Pa saizi iliyonse ya tayala amatchula limu imodzi yoyezerapo, kenako malire a limu yopapatiza kwambiri ndi yotambalala kwambiri imene ingaloledwe. Tayala la 195/65 R15 amaliyezera pa limu ya mainchesi 6 ndipo limaloledwa kuyambira 5.5 kufika 7. La 185/65 R15 limaloledwa kuyambira 5 kufika 6.5. La 205/55 R16 malire ake ndi 5.5 ndi 7.5, pomwe la 225/45 R17 limafuna kuyambira 7 kufika 8.5. Tayala likamafupika nthiti, limafuna limu yoyandikira kwambiri kutambalala kwake, chifukwa nthiti yaifupi ilibe mpata wopindikira.

Ngakhale mkati mwa malirewo tayala limasintha maonekedwe. Limu ikatambalala ndi theka la inchi, tayala lomwelo limatambalala ndi mamilimita pafupifupi 5. Nchifukwa chake matayala awiri ofanana, ovekedwa pa malimu osiyana kumanzere ndi kumanja kwa galimoto imodzi, sagwira msewu mofanana. Izi zimachitika kwambiri munthu akapinda limu padzenje nkugula ina iliyonse ya 15 imene waipeza pamsika.

Vuto lofala kwathu ndi la tayala lalikulu pa limu yopapatiza. Sikuti anthu amafuna dala. Saizi yoyenera ikasowa pamulu, kapena ikakwera mtengo, munthu amatenga imene ilipo, ndipo ena amakhulupirira kuti tayala lonenepa ndiye lolimba. Mwini Toyota Sienta yakale, imene imatuluka ndi 175/70 R14, apeza tayala la 205 ndi kuliveka pa limu yomweyo. Limu yopapatiza imakokera milomo ya tayala pamodzi, mbali yoponda pansi nkukhala yozungulira m'malo mokhala yafulati. Pakati pokha ndi pamene pamaponda phula, choncho mano apakati amatha msanga a m'mbali akadali atsopano. Munthu walipira tayala lotambalala koma gawo logwira msewu silinakule monga amaganizira. Pakona galimoto imatepatepa, chiwongolero chimachedwa kumvera, chifukwa tayala limayamba lapindikira kumbali lisanatsate limu. Kupindikapindika kumeneku kumatenthetsa nthiti, ndipo kutentha ndiko kumaphulitsa tayala pa ulendo wautali, makamaka galimoto ikadzaza anthu ndi katundu m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Vuto linalo ndi la kukongoletsa galimoto. Achinyamata ambiri amakonda malimu a magi otambalala, ndipo ena amavekapo tayala lopapatiza, nthiti nkukokeka mpaka kupendekera mkati. Kavekedwe kameneka kanatchuka ku Japan ndi ku Ulaya pakati pa okonda galimoto zotsika pansi, ndipo pazithunzi za pa intaneti kamakopadi maso. Koma galimoto zimenezo zimayenda pa phula losalala. Nthiti yokokeka siifewa, choncho dzenje likabwera nkhonya yonse imapita pa limu. Limu yachitsulo imapindika ndipo amakaniko amatha kuiwongola, koma ya magi nthawi zambiri imang'aluka. Mkombero umakhalanso pambalambanda, wopanda labala woutchinjiriza. Choopsa kwambiri ndi chakuti mlomo wa tayala sukhazikika bwino. Malimu a matayala opanda chubu ali ndi kamtumbira mkati kogwira mlomowo kuti usaterereke, koma kamtumbirako anakapangira tayala lokhala mwa mlingo wake. Mpweya ukachepa pang'ono, kona imodzi yamphamvu ingathe kusuntha mlomo, mpweya wonse nkutuluka nthawi imodzi.

Chizindikiro cha vutoli chimaoneka pa nthawi yoveka yomwe. Tayala lopapatiza likakana kufika pa mikombero, ena amathira petulo mkati ndi kuyatsa moto kuti liphulikire pamalo pake. Ena amangopitiriza kupopa modutsa malire. Zonse ziwiri zimavulaza anthu, ndiponso zimatha kudula mawaya achitsulo a mumlomo wa tayala, kuonongeka kumene simungakuone ndi maso. Malangizo a opanga matayala a galimoto zing'onozing'ono ndi akuti pokhazika milomo musadutse 40 psi. Ine ndimaona kuti mnyamata wopopa matayala ndiye amene ali pangozi yoyamba pamenepa, pakuti ndi iye amawerama pamwamba pa tayalalo, ndipo nthawi zambiri amachita zimenezi chifukwa bwana wa galimoto waumirira.

Sikuti kusintha malimu nkolakwika. Pali njira yake. Tayala la 195/65 R15 ndi lalitali mamilimita pafupifupi 635 kuchokera pansi kufika pamwamba, la 205/55 R16 ndi 632, la 225/45 R17 ndi 634. Onse atatu ndi pafupifupi ofanana msinkhu, choncho sipidomita siinama ndipo mabuleki a ABS sasokonezeka, bola lililonse likhale pa limu ya mlingo wake. Chimene chimasintha ndi nthiti, yomwe imatsika kuchoka pa mamilimita 127 kufika pa 101. Kwa woyenda m'tauni mokha zingatheke. Kwa woyenda mitunda italiitali mu msewu wa M1 nyengo ya mvula, kapena wopita kumudzi pa msewu wafumbi, mamilimita 26 otayikawo ndi ambiri, ndipo ndingamulangize kuti akhale pa 15.

Nambala ya ET ija nayo ili ndi ntchito. Imanena kuti limu yalowa mkati kapena yatulukira kunja motani, m'mamilimita. Limu yotambalala yokhala ndi ET yosayenera imakhula shoko mkati, kapena tayala limadyedwa ndi chitsulo cha bodi galimoto ikalemedwa. Mabowo a mabawuti ayeneranso kufanana ndendende: 4x100 kapena 5x114.3 si zongoyerekeza ndi maso.

Pa minibasi pali china choonjezera. Tayala la galimoto yaing'ono likhoza kukwana pa limu ya 15 ya HiAce m'lifupi mwake, koma mphamvu yake yonyamula ndi ina. La 195/65 R15 lolembedwa 91 limanyamula makilogalamu 615, pomwe 195 R15C lolembedwa 106 limanyamula 950. Chilembo C chija chimasonyeza tayala la galimoto zonyamula katundu ndi anthu ambiri. Wokwera minibasi sangaone kusiyana kumeneku ali pa siteji, choncho udindo wonse uli kwa mwini galimoto ndi dalaivala wake.

Saizi imene wopanga galimoto anasankha imalembedwa pa kachikwangwani kapamphuthu ya chitseko cha dalaivala, pamodzi ndi mlingo wa mpweya. Pa galimoto za ku Japan mawu ake amakhala a Chijapanizi, koma manambala amawerengeka. Musangodalira matayala amene galimoto inabwera nawo, chifukwa mwini wake woyamba akhoza kuti anasintha malimu isanakwere sitima yapamadzi. Pogula tayala, pemphani kuti gudumu lichotsedwe, limu itembenuzidwe, nambala yoyandikana ndi chilembo J iwerengedwe musanalipire. Onaninso manambala anayi otsiriza a chidindo cha DOT pa nthiti: 2318 akutanthauza kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Ndipo gudumu lapadera limene lili m'buti muliyeze chimodzimodzi, chifukwa nthawi zambiri ndi limene limakhala pa limu yosiyana ndi zinzake.