Dzimbiri la Pansi pa Galimoto Yonyamula Zokolola: Kuchotsa ndi Kuteteza

Alimi anzanga, ambiri mwa inu mumadalira pikapu yakale kuti chinangwa, nthochi, mpunga kapena nsomba zifike pa Msika wa Nkhata Bay. Ena muli ndi yanu, ena mumachita hayala, ndipo magulu ena akusonkherana kuti agule. Tikamayang'ana galimoto timathamangira injini ndi matayala, kunsi sitisuzumirako. Komatu kunsiko n'kumene kuli chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zimene zimasenza katundu yense. Chasisi ikadyeka ndi dzimbiri, galimoto imatha kuthyoka pakati itasenza matumba, ngakhale injini ikulira bwino.

Dzimbiri limayamba chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya. Kuno kwathu zonsezi n'zosasowa. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'Malawi, yoposa mamilimita 1,500 pa chaka, ndipo imagwa mwamphamvu mpaka mu Epulo. Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere ngati a ku Beira kapena Dar es Salaam, choncho musainamizire nyanja. Mdani wamkulu ndi matope. Amakakamira pamwamba pa chasisi, m'mamadigadi ndi pakati pa masipuling'i, n'kumasunga chinyezi kwa masabata ambiri mvula itasiya kale.

Mdani wachiwiri timamukweza tokha. Feteleza, kaya Urea, CAN kapena NPK, amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo msanga. Thumba likabooka, timibulu timalowa m'ming'alu ya bodi n'kusungunukira momwemo. Chimodzimodzi mchere, madzi otsika m'nsomba, ndi madzi owawasa a chinangwa chonyika chopangira kondowole. Onse amadontha n'kutsikira pa chasisi. Palinso galimoto zina zochokera ku Japan kapena ku United Kingdom zimene zimabwera zitayamba kale dzimbiri, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Mukamagula, musakhutire ndi penti yowala ya pamwamba. Gwadani muone kunsi, ndipo mukapeza phula lakuda longopakidwa kumene, funsani chimene likubisa.

Ntchito yochotsa dzimbiri igwireni m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene kunja kuli kouma. Choyamba tsukani kunsi konse ndi madzi ambiri mpaka matope onse atachoka. M'chasisi muli timabowo totulutsira madzi. Tizibuleni ndi waya, chifukwa tikatsekeka chitsulo chimayamba kudyeka kuchokera mkati, kumene diso silifika. Musatsukire galimoto m'nyanja kapena mumtsinje. Mafuta ndi girisi zimapita m'madzi momwe anthu akutunga ndiponso momwe asodzi akupha usipa. Mukatsuka, isiyeni padzuwa masiku awiri kuti iume.

Musanalowe kunsi, imikani galimoto pamalo osatsetsereka, ikani miyala kumatayala, ndipo mukaikweza ikhazikeni pa zitsulo zochirikizira kapena pa zipika zolimba. Jeke payokha musaikhulupirire, ndipo njerwa zimaphwanyika mwadzidzidzi. Ngati pali galaja yokhala ndi dzenje loloweramo amakaniko, kulipira pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi kugona kunsi kwa galimoto yolenjekeka.

Tsopano yesani chitsulo. Tengani hamala yaing'ono ndi sikuludiraiva, muzigogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee. Chodyeka chimalira mogonthera ndipo chimayoyoka makoko. Onetsetsani kwambiri pamene pamangidwa masipuling'i, pamene bodi yakhazikika pa chasisi, pamwamba pa thanki ya mafuta, ndi m'mapaipi ang'onoang'ono a mabuleki. Mapaipi amenewa ndi opyapyala. Akachita dzimbiri lotupa sapakidwa penti, amasinthidwa basi. Ganizirani galimoto yodzaza ikutsika mapiri ochokera ku Mzuzu, paipi ya mabuleki n'kuphulika.

Dzimbiri la pamwamba, lija longofiira, mukhoza kuthana nalo nokha. Koma ngati sikuludiraiva yalowa m'chitsulo, kapena mwaona mng'alu, imeneyo ndi ntchito ya wowotcherera wodziwa. Ayenera kudula gawo lodyekalo ndi kuikapo chitsulo chatsopano cha makulidwe ofanana, osati kungomata chigamba pamwamba pa chovunda. Asanawotcherere achotse mawaya a batire, ndipo moto usayandikire thanki kapena mapaipi a mafuta. Ena amamata bowo ndi phala la okonza bodi n'kupaka penti yakuda kuti galimoto ipeze COF. Pepala mupeza, koma phala silisenza matumba 20 a mpunga.

Pa dzimbiri la pamwamba, palani ndi bulashi ya waya, kenaka sandipepa, mpaka makoko onse atagwa. Amene ali ndi girayinda amafulumira, koma avale magalasi oteteza maso ndi chotchinga kumphuno. Pukutani fumbi ndi mafuta onse, chifukwa penti siigwira pa girisi. M'masitolo a hadiweya mumapezeka mankhwala otchedwa rust converter. Ambiri amakhala ndi asidi wa phosphoric amene amasandutsa dzimbiri lotsala kukhala khungu lakuda lolimba. Pakani ndi bulashi mutavala magolovesi, ndipo dikirani nthawi yolembedwa pa botolo. Kenaka pakani penti yoyamba ya red oxide kawiri, yoyamba ikauma bwino. Pomaliza ikani penti yakuda ya chasisi kapena phula la underseal.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amagula phula lokha n'kupaka pamwamba pa dzimbiri ndi matope. Kunja kumaoneka bwino, koma chinyezi chatsekeredwa mkati ndipo chitsulo chimadyeka mobisika kuposa kale. Ngati ndalama sizikukwanira zonse, ine ndikanasankha bulashi ya waya ndi red oxide, phula n'kudzagula chaka chamawa. Musapake penti kapena phula pa ekizozi, pa mabuleki ndi pa timabowo totulutsira madzi tija.

Funso la oilo wakale wa injini limabwera pafupifupi pa msonkhano uliwonse. Ndi zoona kuti amatchinga madzi kwa kanthawi, n'chifukwa chake ambiri amamupopera kunsi. Koma amafewetsa mphira za m'masipuling'i, amakoka fumbi, akafika pa mabuleki galimoto siima bwino, ndipo mvula ikagwa amatsetserekera m'nthaka ndi m'nyanja. Girisi pang'ono pa mabawuti ndi pa masipuling'i ndi wokwanira.

Ntchito ikatha, yalani lona kapena pepala lapulasitiki lolimba m'bodi musanakweze feteleza, mchere kapena nsomba, ndipo tsukani bodi tsiku lomwelo mukatsitsa. M'nyengo ya mvula tsukani kunsi kamodzi pa masabata awiri aliwonse. Musaimike galimoto masiku ambiri pa udzu wautali, chifukwa mame amanyowetsa kunsi usiku uliwonse. Njira yomweyi imagwiranso pa ngolo, wilibala, njinga yamoto ndi pampu yothirira.

Pa msonkhano wotsatira, gulu lililonse libweretse wilibala kapena chida chimodzi cha dzimbiri, bulashi ya waya ndi sandipepa. Tidzapala theka limodzi n'kulipaka red oxide, theka linalo tidzalisiya momwe lilili, ndipo tidzafananiza mvula ikatha.