ANTHU A AUTISM NAWO ALI NDI CHIKHULUPIRIRO CHAWO

Mu Ogasiti 2003, mumzinda wa Milwaukee ku America, mnyamata wa zaka 8 anafera m'tchalitchi anthu akumupempherera. Ati ankamutulutsa ziwanda. Anamugoneka pansi, ena atamugwira manja ndi miyendo, mlaliki atamutsamira pachifuwa mpaka mpweya kutha. Chaka chotsatira khothi linapeza mlalikiyo wolakwa, nakaseweza kundende. Mwanayo analibe chiwanda ayi. Anali ndi vuto lomwe madokotala amalitcha autism.

Vutoli n'lakabadwidwe ka ubongo. Dokotala Leo Kanner analifotokoza mu 1943 ataonetsetsa ana 11. Mwana wotere amachedwa kuyankhula kapena osayankhula n'komwe, sakonda kuyang'ana munthu m'maso, amabwereza chinthu chimodzimodzi, ndipo phokoso limamusautsa zedi. Koma si onse ofanana: ena amafika ku yunivesite, kukwatira, kugwira ntchito. Bungwe la WHO lati mu 2021 munthu mmodzi mwa anthu 127 aliwonse padziko lapansi anali ndi autism. Ndiye kuti pamsika waukulu ngati wa Limbe kapena Lilongwe, makolo a ana otere sangasowe.

Inu a pamsika mukudziwa momwe zimakhalira kwathu kuno. Geni ikangoyenda bwino, kunyumba n'kukhala mwana wosayankhula, manong'onong'o ayambika: "Anamukhwimira ameneyo!" Mayi pothawa manyazi amayamba kuzungulira naye kwa asing'anga ndi kwa aneneri, mpamba n'kuthera komweko. Koma ndani amafunsa mwini wakeyo kuti iye za Mulungu amaziona bwanji?

Akatswiri ena anafunsa. Mu 2012, Ara Norenzayan ndi anzake a pa yunivesite ya British Columbia ku Canada anapeza kuti pakati pa anthu a autism, okhulupirira Mulungu amene amamva ndi kuyankha munthu ndi ocheperapo poyerekeza ndi anthu ena. Iwo anati mwina n'kamba koti a autism amavutika kulingalira zomwe zili mumtima mwa wina. Chaka cha 2011, Catherine Caldwell-Harris wa ku Boston University anapeza kuti ambiri ndi osapembedza, pomwe ena amadzikonzera chikhulupiriro chawochawo, osangotsata za mpingo.

Komatu opemphera alipo. Bambo Matthew Schneider, wansembe wa Katolika wochokera ku Canada, anawapeza ndi autism mu 2016 ali kale pa unsembe. Anaulula poyera mu 2019, ndipo mu 2022 anatulutsa buku lothandiza anzawo a autism kupemphera. Nawo mayi Temple Grandin, katswiri wa za ziweto ku America, analemba mutu wathunthu wonena za chikhulupiriro chawo m'buku lawo la mu 1995.

Nanga bwanji ambiri saoneka m'nyumba zopemphereramo? Kafukufuku wa Andrew Whitehead wa mu 2018 ku America anaonetsa kuti ana a autism osapondako n'komwe kumapemphero ndi ochuluka pafupifupi kawiri kuposa ana opanda vuto lililonse. Tangoganizani: zokuzira mawu zili pwepwepwe, ng'oma, kukuwa, kusanjikana manja. Kwa mwana amene makutu ake amamva phokoso ngati singano, amenewo ndi mazunzo. Akatseka makutu n'kuyamba kulira, wina amati, "Mwaona, chiwanda chaonekera!" Chonsecho mwana akungomva kuwawa. Ena mwa iwo amakhazikika mtima ndi pemphero la dongosolo losasintha, lapansipansi.

Tsono inu makolo, mwana akamaonetsa zizindikirozi pitani naye kuchipatala akamuone. Kutchalitchi kapena kumzikiti khalani naye chakukhomo, kutali ndi zokuzira mawu, kuti akatopa atuluke. Wina akafuna kumumanga, kumupanikiza kapena kumusalitsa kudya m'dzina la pemphero, kanani, kaya akhale m'busa wotchuka chotani. Ndipo mwanayo akakula n'kumafunsa mafunso ovuta okhudza Mulungu, kapena n'kunena kuti sakukhulupirira, musathamangire chikwapu. Khalani naye pansi, mumve maganizo ake.